Mafunso ndi Mayankho: Kodi Zomera Zimapha Bwanji Maselo a Khansa ya M'magazi?

Kawirikawiri pamamveka nkhani yoti ofufuza apeza kuti masamba, mizu kapena makungwa a chomera chakutichakuti apha maselo a khansa ya m'magazi. Wodwala akamva zimenezi, kapena kholo limene mwana wake akulandira mankhwala, mtima umanyamuka, ndipo m'pomveka. Zambiri mwa nkhanizi si zabodza. Vuto lake n'lakuti zimalekezera panjira, osanena kuti maselowo anafera kuti, anafa motani, ndiponso kuti patsala mtunda wotani kuti zimenezo zithandize munthu. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amakonda kufunsa pa nkhaniyi.

Kodi khansa ya m'magazi imayamba bwanji?

Magazi amapangidwa m'mafuta a m'mafupa. M'menemo muli maselo oyambirira amene amagawikana n'kukhwima, ena n'kukhala maselo ofiira onyamula mpweya, ena oyera olimbana ndi matenda, enanso timaselo tothandiza magazi kuundana munthu akavulala. Khansa ya m'magazi, imene madokotala amaitcha leukemia, imayamba selo limodzi la m'gulu limeneli likasokonekera majini n'kuyamba kuchulukana popanda kukhwima ndiponso popanda kufa. Maselo obadwa kwa ilo amadzaza m'mafupa mpaka abwinobwino kusowa malo. N'chifukwa chake wodwala amafooka, amatentha thupi pafupipafupi, amatuluka magazi m'nkhama kapena m'mphuno, ndipo pakhungu pamatuluka timadontho tofiira.

Mitundu yake ikuluikulu ndi inayi. ALL ndi AML ndi yothamanga, CLL ndi CML imayenda pang'onopang'ono. Mwa ana, yofala kwambiri ndi ALL. Pano palibe chotupa chimodzi choti dokotala achite opaleshoni n'kuchotsa, choncho chida chachikulu ndi mankhwala oyenda m'magazi.

Mukamati selo lafa, mukutanthauza chiyani? Kodi selo lingadziphe lokha?

Inde, ndipo zikuchitika m'thupi mwanu panopa. Tsiku lililonse maselo mabiliyoni ambiri amadzipha mwadongosolo kuti apereke malo kwa atsopano. Mwana akamaumbika m'mimba, zala zake zimayamba zili zolumikizana, ndipo zimalekana chifukwa maselo a pakati pa zalazo amafa pa nthawi yake. Imfa yamtunduwu akatswiri amaitcha apoptosis. Anaifotokoza bwino koyamba ndi John Kerr, Andrew Wyllie ndi Alastair Currie mu 1972. Pambuyo pake Sydney Brenner, John Sulston ndi Robert Horvitz, pofufuza kanyongolotsi kakang'ono kotchedwa C. elegans, anasonyeza kuti imfayi imayendetsedwa ndi majini: mwa maselo 1,090 amene amapangika kanyongolotsiko kakamakula, 131 amafa nthawi zonse, omwewo omwewo. Analandira mphoto ya Nobel mu 2002.

Palinso imfa ina, ya ngozi, yotchedwa necrosis. Selo likapsa, likaphwanyika kapena likathiridwa chiphe champhamvu, limatupa n'kuphulika, zam'kati mwake n'kumwazika, malo ozungulira n'kutupa. Kusiyana kwa ziwirizi kuli ngati kwa nyumba imene yaphwasulidwa mosamala, zipangizo n'kumangidwa m'mitolo kuti ena atole, ndi nyumba imene yapsa n'kuyatsanso za anansi. Ofufuza akamayesa timadzi ta zomera amafunitsitsa kuona imfa yoyambayo, chifukwa yachiwiriyo ngakhale sopo angaichititse.

Ndiye imfa yadongosoloyi imayenda bwanji m'kati mwa selo?

Pali njira ziwiri, ndipo zonse zimakathera pamodzi.

Yoyamba imayambira m'kati. Selo lili ndi timatumba topanga mphamvu totchedwa mitochondria. Pakhungu la timatumbati pamakhala mapuloteni a banja limodzi koma ogawanika pawiri. Ena, monga BCL-2 ndi MCL-1, amateteza moyo wa selo. Ena, monga BAX ndi BAK, amadikira mpata woti aboole khungulo. Zinthu zikakhala bwino, oteteza amagwira oboolawo n'kuwaletsa. Koma DNA, imene imasunga majini a selo, ikawonongeka kwambiri, kapena selo likakanika kumaliza kugawikana, kapena mukachuluka tizinthu towononga tochokera ku okosijeni, oteteza amagonja. BAX ndi BAK amasonkhana n'kuboola mitochondria, ndipo puloteni yotchedwa cytochrome c imatayikira kunja. Pa ntchito yake ya tsiku ndi tsiku puloteni imeneyi imathandiza kupanga mphamvu, koma ikangotuluka pamalo pake imalumikizana ndi ina yotchedwa Apaf-1 n'kudzutsa caspase-9, imodzi mwa mapuloteni odula otchedwa caspase. Kuyambira pamenepo selo silibwereranso m'mbuyo kawirikawiri.

Yachiwiri imayambira kunja. Pakhungu la selo pali timalo tolandirira uthenga, monga Fas. Maselo a chitetezo cha m'thupi akagunda pamenepo, m'kati mumadzuka caspase-8.

Kaya ndi caspase-9 kapena caspase-8, onse amakadzutsa caspase-3 ndi anzake, amene ntchito yawo ndi kudula. Amadula mapuloteni mazanamazana, selo limanyala, DNA imaduka m'zidutswa zolinganalingana, ndipo selo lonse limagawika m'timitolo tokutidwa bwino. Mafuta ena otchedwa phosphatidylserine, amene amakhala chakum'kati kwa khungu la selo, amatembenukira kunja, ndipo maselo omeza zinyalala akawaona amadziwa kuti apa pali choti achotse. M'maola ochepa sipatsala kanthu.

Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: zida zonse zophera zili kale m'selo. Kemikolo yochokera ku chomera siibweretsa imfa yachilendo ayi, imangokankha selo mpaka litsegule zida zakezo.

Nanga maselo a khansa amazemba bwanji?

Amatseka njirazo. Ena amawononga p53, puloteni imene imayang'anira DNA n'kulamula kuti selo lowonongeka kwambiri life. Ena amachulukitsa oteteza aja. Mu 1988, David Vaux, Suzanne Cory ndi Jerry Adams ku Melbourne anasonyeza kuti BCL-2 siichititsa maselo kuchulukana mofulumira, koma imangowaletsa kufa. Zimenezi zinasintha kaonedwe ka khansa, chifukwa anthu anazindikira kuti si matenda a kuchulukana kokha, ndi matendanso a kukana imfa. Maselo a CLL amadalira kwambiri BCL-2, ndipo mankhwala a venetoclax, amene anavomerezedwa ku America mu 2016, amagwira puloteni imeneyi mwachindunji. Venetoclax si wa ku chomera, koma akusonyeza kuti njira imeneyi ikatsegulidwa mwa munthu weniweni, maselo a khansa amafadi.

N'chifukwa chiyani chomera chimakhala ndi zinthu zopha maselo a munthu?

Chomera sichingathawe mbozi, nkhungu kapena nyama yofuna kuchidya, choncho chimadziteteza ndi makemikolo. Ambiri mwa iwo amalunjika pa zinthu zimene zamoyo zambiri zili nazo mofanana, monga zida zogawira selo ndi zopangira mapuloteni. Chomera sichidziwa khansa. Zimene timatcha mankhwala a khansa a ku zomera ndi ziphe, ndipo luso la madokotala lagona pa kupeza mlingo umene umapweteka khansa kuposa mmene umapwetekera mwini thupi.

Kodi chilipo chomera chimene chinatulutsadi mankhwala a khansa ya m'magazi?

Chilipo, ndipo nkhani yake ndi yoyenera kuidziwa. Ndi kaduwa kochokera ku Madagascar kotchedwa Catharanthus roseus, kapena periwinkle, kamene masiku ano kamabzalidwa kokongoletsa m'mayiko ambiri otentha. Ku Jamaica anthu ankawiritsa masamba ake pofuna kuchiza matenda a shuga. M'zaka za m'ma 1950, Robert Noble wa pa University of Western Ontario ku Canada analandira masambawa kuti aone ngati amatsitsadi shuga. Sanapeze umboni wogwira mtima wa zimenezo. Koma makoswe amene anabayidwa timadzi ta masambawo anayamba kufa ndi matenda, ndipo atawayeza anapeza kuti maselo oyera a magazi atsika kwambiri, mafuta a m'mafupa awonongeka. Wina akanangoti chomerachi n'choopsa n'kuchitaya. Noble anadzifunsa kuti, ngati chikupha maselo oyera abwinobwino, nanga maselo oyera a khansa?

Iye ndi katswiri wa makemikolo Charles Beer anapatula vinblastine mu 1958. Pa nthawi yomweyo ofufuza a kampani ya Eli Lilly, kuphatikizapo Gordon Svoboda, ankafufuzanso chomera chomwechi, ndipo anapeza vincristine, amene anavomerezedwa ku America mu 1963. Madokotala ataphatikiza vincristine ndi prednisone, maselo a khansa ankazimiririka m'magazi mwa ana ambiri odwala ALL. Matendawa ankabwerera, n'chifukwa chake Emil Frei ndi Emil Freireich ku National Cancer Institute, komanso Donald Pinkel ku chipatala cha St. Jude ku Memphis, analimbikira njira yophatikiza mankhwala angapo kwa nthawi yaitali. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ana odwala ALL amene ankapulumuka sankafika 10 pa 100 alionse. Lero, kumene chithandizo chonse chimapezeka, amapulumuka pafupifupi 90 pa 100. Vincristine sanachite yekha zimenezi, koma mpaka pano ali m'gulu la mankhwala oyambirira amene mwana wodwala ALL amalandira.

Vincristine amapha bwanji selo?

Selo likamagawikana, limayamba lakopera makromozomu ake, amene ndi mitolo ya DNA, kenako limamanga timitsitsi tokokera theka mbali ino, theka mbali inayo. Timitsitsiti timapangidwa ndi puloteni yotchedwa tubulin, yolumikizidwa imodzi pamwamba pa inzake. Vincristine amakakamira pa tubulin n'kusokoneza kulumikizanako. Selo limaima pakati pa ntchito, makromozomu ali balala, osatha kupita patsogolo kapena kubwerera. Likakhala chiimire kwa maola ambiri, oteteza monga MCL-1 amatha pang'onopang'ono, mitochondria amabooka, ndipo zotsatira zake ndi zija tafotokoza kale.

Maselo a khansa yothamanga amagawikana kawirikawiri, choncho amakodwa kwambiri. Koma timitsitsi tomweti timagwiranso ntchito m'mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi. Ndicho chifukwa chake odwala ena amamva dzanzi m'zala, amakoka phazi poyenda, amamva kupweteka nsagwada kapena kudzimbidwa. Vincristine amaperekedwa kudzera mumtsempha wa magazi basi. Akatayikira pakhungu amawotcha mnofu, ndipo akabayidwa molakwika m'madzi a mumsana, pafupifupi nthawi zonse munthu amamwalira. Bungwe la WHO limalangiza kuti azisungunulidwa m'kathumba ka dripi, osati m'jakisoni, kuti asasokonezedwe ndi mankhwala ena obaya kumsana.

Pali zomera zina zimene zinafika mpaka kuchipatala?

Zilipo zochepa. Etoposide anapangidwa posintha podophyllotoxin, kemikolo ya m'mizu ya chomera cha ku North America chotchedwa mayapple, ndipo anavomerezedwa ku America mu 1983. Amagwira puloteni yotchedwa topoisomerase II, imene imadula DNA kuti imasuke ikapiringizika kenako n'kuilumikizanso. Etoposide amalola kudulako koma amaletsa kulumikiza, DNA n'kutsala zidutswa, selo n'kudzipha. Chomvetsa chisoni n'chakuti kuduladula komweku kungayambitse khansa ina ya m'magazi mwa odwala ochepa patapita zaka. Mawu akuti "zachilengedwe" satanthauza kuti chinthu n'chofatsa.

Homoharringtonine amachokera ku mitengo ya mtundu wa Cephalotaxus. Ofufuza a ku China anamuyesa pa odwala m'zaka za m'ma 1970, ndipo mtundu wake wotchedwa omacetaxine unavomerezedwa ku America mu 2012 kwa odwala CML amene mankhwala ena alephera. Iyeyu amaimitsa kapangidwe ka mapuloteni m'selo. Mapuloteni osakhalitsa, monga MCL-1, ndiwo amayamba kutha, ndipo selo limatsala lopanda chitetezo.

Taonani kuti vincristine ndi mankhwala awiriwa amalowera pa makomo osiyana, wina pa tubulin, wina pa DNA, wina pa mapuloteni, koma onse amakathera pa mitochondria ndi caspase.

Nanga tiyi wobiriwira, curcumin, graviola ndi zina zimene zimatchuka pa intaneti?

Zambiri mwa izi zimaphadi maselo a khansa ya m'magazi m'labotale, koma palibe chilichonse mwa izo chimene chavomerezedwa ngati mankhwala a matendawa.

Chimene chinayesedwa bwino pa anthu ndi EGCG ya mu tiyi wobiriwira. Madokotala a ku Mayo Clinic anapereka mlingo waukulu, mamiligalamu 2,000 kawiri pa tsiku, kwa odwala CLL 42 amene matenda awo anali asanakule. Mwa odwala pafupifupi mmodzi pa atatu alionse, maselo a khansa m'magazi anatsikako. Palibe amene anachira, ndipo ena magazi awo anasonyeza kuti chiwindi chikuvutika. Curcumin, yochokera mu turmeric, ili ndi mapepala a kafukufuku ochuluka zedi, koma siilowa bwino m'magazi, ndipo yochepa imene yalowa thupi limaisintha mwamsanga. Artesunate, mankhwala a malungo ochokera ku Artemisia annua, amapha maselo a khansa m'labotale chifukwa akakumana ndi ayironi amatulutsa tizinthu towononga, koma sanatsimikizidwe kuti amachiza leukemia mwa anthu. Graviola ili ndi makemikolo olepheretsa mitochondria kupanga mphamvu, ndipo imodzi mwa iwo, annonacin, ofufuza anaigwirizanitsa ndi matenda a muubongo ofanana ndi Parkinson pa chilumba cha Guadeloupe. Za njere za apricot, kafukufuku wa mu 1982 pa odwala khansa 178 anapeza kuti kemikolo yake, amygdalin, sinathandize, ndipo odwala ena anaonetsa zizindikiro za chiphe cha cyanide.

Chimene ineyo ndimaona kuti n'chochititsa chidwi kwambiri ndi parthenolide, ya m'chomera chotchedwa feverfew. Mu 2005, Monica Guzman ndi Craig Jordan ku University of Rochester anasonyeza kuti imapha maselo oyambitsa AML, amene mankhwala ambiri amawaphonya, n'kusiya ambiri mwa maselo oyambirira abwinobwino. Koma siisungunuka bwino m'madzi, ndipo kumwa feverfew sikufikitsa mlingo wokwanira m'magazi. Ofufuza anachita kuyamba kuisintha kapangidwe.

Ofufuza amadziwa bwanji kuti timadzi ta chomera tapha maselo?

Amaumitsa chomeracho, kuchipera, n'kuchiviika m'madzi, mu ethanol kapena mu methanol. Akasefa n'kuumitsa pamatsala phala lokhala ndi makemikolo mazana. Kenako amatenga maselo a khansa osungidwa m'labotale. Odziwika kwambiri ndi HL-60, K562 ndi Jurkat, onse otengedwa kwa odwala m'zaka za m'ma 1970, ndipo akhala akugawikana m'mabotolo kuyambira nthawi imeneyo. Amawaika m'kambale ka pulasitiki ka timaenje 96, kenje kalikonse n'kulandira mlingo wake wa phalalo, n'kukasunga kambaleko pa madigiri 37 kwa tsiku limodzi, awiri kapena atatu.

Nthawi ikakwana amathiramo kemikolo yachikasu yotchedwa MTT. Maselo amoyo amaisandutsa yapepo. Ukanyamula kambaleko umaona ndi maso: mzere umene sunalandire kanthu uli bii, mizere yotsatira ikunka nimbuwa, ndipo wa mlingo waukulu watsala wotuwa. Makina amayeza mtunduwo n'kupereka mlingo umene wachepetsa maselo amoyo ndi theka, umene amautcha IC50. Nambalayi ikakhala yaing'ono, ndiye kuti chinthucho n'champhamvu.

Koma zimenezo sizinena kuti maselowo afa imfa yanji. Pofuna kudziwa, amathira annexin V, imene imamatirira pa mafuta aja otembenukira kunja n'kuwala, pamodzi ndi utoto wina umene umalowa m'maselo obooka okha. Makina amadutsitsa maselowo limodzilimodzi pa kuwala kwa laser n'kuwerenga amoyo, amene ayamba kudzipha, ndi amene aphulika. Amayezanso caspase-3, kuchuluka kwa BAX ndi BCL-2, ndiponso kaduke ka DNA. Kafukufuku wosamala amathiranso mankhwala otseka caspase. Maselo akasiya kufa, ndiye kuti imfayo inkadutsiradi njira imeneyo.

Misampha iliponso. Makemikolo ena a m'zomera amasintha mtundu wa MTT okha popanda selo lililonse, ndipo ena akakhala m'madzi olerera maselo amatulutsa hydrogen peroxide, n'kupezeka kuti chapha maselo ndi chimenecho, osati mphamvu yapadera ya chomera.

Ngati zapha maselo m'labotale, bwanji osangopatsa odwala?

Chifukwa kupha selo m'kambale ndi mbali yophweka ya ntchito yonse. Mchere wambiri umapha maselo a khansa m'kambale, mowa umapha, jiki amapha. Funso lenileni n'lakuti, kodi chinthucho chimasiya maselo abwinobwino? Kafukufuku amene sanayese timadzi take pa maselo a magazi a munthu wathanzi sanayankhe funso limeneli.

Kenako pali ulendo wa m'thupi. M'kambale kemikolo imakhala pa selo masiku awiri osasuntha. Mwa munthu iyenera kupirira asidi wa m'mimba, kudutsa m'matumbo, kupulumuka kuchiwindi, kupewa kumatiridwa ndi mapuloteni a m'magazi, kukafika m'mafupa, n'kukhalamo nthawi yokwanira impso zisanaitulutse. Nthawi zambiri mlingo umene unagwira ntchito m'labotale umaposa kutalitali umene magazi a munthu angafikire popanda kumuvulaza. Maselo a m'labotale nawonso si ofanana ndi a wodwala. Atha zaka zoposa 40 ali m'mabotolo, amagawikana mofulumira, ndipo alibe maselo a m'mafupa owazungulira amene amateteza khansa m'thupi.

Kukula kwa mpata umenewu kumaoneka pa zimene National Cancer Institute inachita. Kuyambira 1960 mpaka 1982 inayesa timadzi ta zomera pafupifupi 114,000, makamaka pa mbewa zodwala leukemia. Mankhwala amene anatulukamo n'kufika kwa odwala ndi owerengeka ndi zala, monga paclitaxel ndi ochokera ku camptothecin, amene anapezedwa ndi Monroe Wall ndi Mansukh Wani. Ngakhale mwa mankhwala a khansa amene afika poyesedwa pa anthu, ovomerezedwa sakwana 1 pa 10 alionse. Sindikunena izi pofuna kunyoza kafukufuku wa m'labotale. Popanda iye, vincristine sakanapezeka. Koma pepala lonena za maselo m'kambale ndi chiyambi cha funso, ndipo amene amaligwiritsa ntchito pogulitsa mabotolo kwa odwala akuwalakwira.

Periwinkle ali ponseponse. Kodi kuwiritsa masamba ake sikungathandize?

Ayi, chonde musatero. Vincristine m'masambamo ndi wochepa kwambiri, moti pamafunika masamba ouma makilogalamu mazana ambiri kuti papezeke galamu imodzi. Salowanso bwino kudzera m'matumbo. Chomerachi chili ndi makemikolo ena a mtundu womwewo oposa 100, ndipo ena ndi oopsa. Wowiritsa masamba amamwa ziphezo popanda kupeza mankhwala amene akufuna.

Kodi chomera chathunthu sichiposa kemikolo imodzi yopatulidwa?

Maganizo amenewa si opanda maziko. Makemikolo amatha kuthandizana, ndipo nthawi zina ofufuza akapatula phala mphamvu yake imachepa. Madokotala a khansa nawonso amakhulupirira kuphatikiza, n'chifukwa chake wodwala ALL amalandira mankhwala ambiri osiyanasiyana. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amadziwa chimene chili m'kathumba kalikonse ndi kuchuluka kwake, ndipo amawerengera mlingo potengera msinkhu ndi kulemera kwa wodwala. Mphamvu ya chomera imasintha ndi nthaka, nyengo, msinkhu wa chomeracho ndi kaumitsidwe. Pa mankhwala amene mlingo wochiza ndi wopha zayandikana chonchi, kusadziwa mlingo n'kuika moyo pachiswe.

Ndikulandira chithandizo kuchipatala. Kodi ndingamwe mankhwala a zitsamba pambali?

Musanamwe chilichonse, kambiranani ndi dokotala wanu, ndipo ngati munayamba kale, muuzeni mosabisa. Zomera zina zimasintha kagwiridwe ka mankhwala. St John's wort imafulumizitsa chiwindi kuchotsa imatinib, mankhwala a CML, moti m'magazi amatsala ochepa. Chipatso cha grapefruit chimachita zosiyana, chimachedwetsa kuchotsa mankhwala monga venetoclax ndi nilotinib, n'kuwachulukitsa mpaka kufika poopsa. EGCG inapezeka m'labotale ndi pa mbewa kuti imalepheretsa bortezomib, mankhwala a khansa ina ya m'mafupa yotchedwa myeloma. Komanso munthu amene maselo ake oyera atsika angadwale kwambiri ndi nkhungu kapena mabakiteriya a mu ufa wa zitsamba wosasungidwa bwino.

Choopsa koposa ndi kusiya kapena kuchedwetsa chithandizo. Ofufuza a ku Yale anapeza mu 2018 kuti odwala khansa ya m'mawere, ya prostate, ya m'mapapo ndi ya m'matumbo amene anasankha njira zina zokha, chiopsezo chawo cha imfa chinali chokwera kuwirikiza 2.5 poyerekeza ndi amene analandira chithandizo cha kuchipatala. Khansa ya m'magazi yothamanga ikapanda kuthandizidwa imapha m'milungu kapena miyezi yochepa, choncho nthawi yoyeserera zina palibe.

Maselo a khansa akafa ambiri nthawi imodzi, si zabwino zimenezo?

Ndi zimene tikufuna, koma zili ndi ngozi yake. Maselo mabiliyoni akafera pamodzi amakhuthulira m'magazi potaziyamu, fosifeti ndi uric acid. Potaziyamu akachuluka amasokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo uric acid amatseka impso. N'chifukwa chake masiku oyamba a chithandizo wodwala amapatsidwa madzi ambiri m'dripi, mankhwala monga allopurinol, ndipo magazi ake amayezedwa pafupipafupi. Venetoclax amayambidwa pa mlingo wochepa n'kumakwezedwa mlungu ndi mlungu pa chifukwa chomwechi. Mankhwala alionse amene angaphedi leukemia mwamphamvu amafunika kumwedwa moyang'aniridwa ndi achipatala.

Maselo a khansa akazimiririka m'magazi, n'chifukwa chiyani chithandizo chimapitirira?

Pamene khansa yothamanga ikupezeka, wodwala angakhale ndi maselo a khansa okwana pafupifupi 1,000,000,000,000. Howard Skipper anasonyeza pa mbewa m'zaka za m'ma 1960 kuti mlingo uliwonse wa mankhwala umapha gawo la maselo, osati chiwerengero chokhazikika. Mukapha 99 pa 100 alionse mwa maselo amenewa, pamatsalabe 10,000,000,000. Magazi angaoneke oyera pa maikulosikopu pamene m'mafupa mukadali ambiri.

Otsalawo ndi ouma mutu. Ena ali ndi puloteni yotchedwa P-glycoprotein imene imapopera kunja vincristine ndi etoposide asanagwire ntchito. Ena, amene gulu la John Dick ku Toronto linawazindikira mu AML m'zaka za m'ma 1990, amangokhala phee m'mafupa osagawikana, ndipo mankhwala olimbana ndi maselo ogawikana amawadutsa. Ena amabisala m'madzi ozungulira ubongo ndi msana. Chithandizo cha ALL chimatenga zaka ziwiri kapena zitatu pa zifukwa zimenezi, ndipo kuchisiya pakati chifukwa mwana wayamba kusewera ndi kudya bwino kumapatsa mpata maselo otsalawo.

Ndikawerenga nkhani yoti chomera chapha khansa, ndiziyang'ana chiyani?

Yambani ndi kufunsa kuti anayesa pa chiyani: maselo m'kambale, mbewa, kapena anthu? Ngati ndi m'kambale, onani ngati anayesanso pa maselo abwinobwino, ndiponso ngati akudziwa kemikolo imene ikugwira ntchitoyo. Ngati ndi anthu, anali angati, anawayerekeza ndi ndani, ndipo anakhala ndi moyo wautali kapena nambala ya m'magazi yokha ndi imene inasintha? Muonenso ngati wolemba nkhaniyo ali ndi chimene akugulitsa. Umboni wa munthu mmodzi wonena kuti anachira ndi wokhudza mtima, koma nthawi zambiri sufotokoza ngati munthuyo analandiranso mankhwala a kuchipatala, ndipo CLL mwa anthu ena imakhala zaka zambiri osakula ngakhale asamwe kanthu.

Kodi vincristine amachokerabe kumunda mpaka lero?

Inde. Kapangidwe kake n'kovuta kwambiri moti kumupanga yense m'fakitale n'kodula, choncho periwinkle amalimidwabe m'mayiko monga India ndi Madagascar. Opanga mankhwala amatenga makemikolo awiri amene amapezeka ochulukirapo m'masamba, catharanthine ndi vindoline, n'kuwalumikiza. Njira yotereyi ndi yosalimba. Mu 2019 vincristine anasowa m'zipatala za ku America imodzi mwa makampani awiri ogulitsa itasiya kumupanga, ndipo madokotala a ana anada nkhawa chifukwa palibe mankhwala ena olowa m'malo mwake. Mu 2022 gulu lotsogoleredwa ndi Jay Keasling linalengeza kuti lasintha majini a yisiti m'malo 56 mpaka yisitiyo kuyamba kupanga catharanthine ndi vindoline kuchokera ku shuga, ndipo linawalumikiza n'kupeza vinblastine. Zimene yisitiyo inatulutsa zinali zochepa kwambiri, ndipo ofufuza akulimbana ndi zoti azichulukitse kuti zikwanire kupangira mankhwala a odwala.